Chitsulo Chonga Mtanda

Mlongo wanga anandiuza za sitimayo akuseka, ndipo kusekako ndi kumene kunandipsetsa mtima. Anali atakhala pa benchi ya pakhonde pamene ndimasokera zovala ku Mua kuno, akukukuta chinangwa chachiwisi, mapazi ali mbuu ndi fumbi la njira yochokera kunyanja. Anati m'mawa wina akuwoloka ndi matumba a usipa wouma, utsi wa moto wa m'tchire unasakanikirana ndi chifunga moti sankaona ngakhale kutsogolo kwa boti lake lomwe. Makutu anali atagontha ndi phokoso la injini yake. Anangoona khoma lachitsulo latulukira pambali pake, lalitali kuposa tchalitchi chanu chija, anatero pondinyogodola. Inali sitima ya katundu. Mafunde ake anathira madzi m'boti mpaka m'mawondo, matumba ena n'kupita. A m'sitimamo sanadziwe n'komwe kuti adutsa munthu.

Ndinachotsa phazi pa makina n'kumufunsa chimene chinali choseketsa pamenepo. Anangoti wapulumuka, ndiye ndikufuna alire chiyani. Anandisiyira kathumba ka usipa, nakwera njinga yake. Ine tsiku limenelo ndinasoka kolala ya yunifolomu ya mwana wa eni ake chagada.

M'mimba mwa mayi athu tinatsala awiri okha, ine ndi iyeyo. Wamkulu ndine, ndinamubereka kumbuyo ali khanda, choncho ngakhale atayamba imvi ndinkamutchabe iwe tikakhala awiri. Pagulu ndiye ndinkati achimwene. Kwathu ndife alimi, Akatolika a kalekale, anthu oopa madzi opitirira m'chiuno. Koma iye ali mnyamata anayamba kupita ku doko lina kumunsi kwa Golomoti kukapikula nsomba, ndipo kumeneko anakapeza mkazi, mwana wa msodzi wachisilamu. Analowa Chisilamu, nakhala komweko, patapita zaka n'kukhomerwa boti lake lamatabwa lonyamula katundu kupita kutsidya.

Mayi sanazilandire. Sanakangane naye, mayi athu sanali olongolola ngati ine, koma tsiku lina atabwera kudzawaona anatenga jekete yake yovala panyanja n'kusokerera kamendulo kodalitsidwa kutchalitchi mkati mwa mpendero. Anakapeza ndi mkazi wake pochapa, apongozi ake aakazi ali pompo. Manyazi amene mlongo wanga anachita tsiku limenelo sanamuchoke. Anasoka ndi mayi, ndi singano ya pamanja, koma popeza telala m'banja mwathu ndine, theka la mlandu linagwera ine. Mayi anamwalira nkhaniyo isanathe bwinobwino. Ife awiri tinangoikwirira, tikuyenderana, tikuseka, osaitchula.

Pakati pa makasitomala anga panali bambo wina wachikulire wa ku Mtakataka amene anagwirapo ntchito m'sitima za panyanja yathuyi mpaka kupuma. Matenda a shuga anali atamuwondetsa, ndiye ankabwera ndi mathalauza ake kuti ndiziwachepetsa m'chiuno. Nditamufotokozera za mlongo wanga sanadabwe. Anati sitima m'chifunga siyendera maso a munthu. Ili ndi makina otchedwa rada, amene amaponya mphamvu yosaoneka pamwamba pa madzi n'kudikira kuti ibwerere, monga mmene mawu amabwerera ukafuula moyang'ana phiri. Chikakhala chitsulo chachikulu, chimaoneka pagalasi la woyendetsa. Koma thabwa silibweza kanthu, ndipo injini ya boti ndi yaing'ono, ili pansi, yobisika m'mafunde. Kwa sitima, anatero bamboyo, mlongo wanu ndi madzi basi.

Mawu amenewo anandilasa. Ndinafunsa ngati pali chochita, ndipo anati chilipo, chitsulo china chopachika pamwamba pa boti, amachitcha lifulekita. Madzulo omwewo ndinaimba foni kunyanja n'kumuuza mlongo wanga kuti apeze lifulekita msanga, asandiyankhe zambiri.

Anandimvera, mwa njira yake. Sabata isanathe ananditumizira chithunzi pa foni, iye ataima monyadira pambali pa boti, m'mphepete monse atakhomamo timalifulekita tofiira ta kumbuyo kwa njinga. Anali atagula tonse timene tinalipo kwa okonza njinga pa Golomoti, moti akabaza anayamba kudandaula. Bambo wa m'sitima uja ataona chithunzicho anaseka mpaka kutsokomola. Anati boti lakongola ndithu, likuyenera kukatenga mkwatibwi, koma timeneto timafuna kuwala kwa nyali, rada sitiona. Nanenso ndinaseka, ngakhale mtima unali m'mwamba. Ndikakumbuka tsopano, kumeneko kunali kuseka kwathu komaliza pa nkhani imeneyi.

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo ndi amene anatifufuzira zenizeni n'kutitumizira zithunzi. Panali china chogwiritsa batire, chimene chimati chikamva rada chimayankha chokha. Chimenecho tinangochiyang'ana monga mmene munthu amayang'anira galimoto ya eni, ndipo bamboyo anati ngakhale chikanakhala chaulere, batire pa boti lonyowa ngati limenelo silichedwa kufa. Zotsala zinali ziwiri. Kena kanali kachubu koyera ka pulasitiki, kotalika ngati mkono, tizitsulo take tobisika mkati, kooneka bwino. China chinali chonyansa, cha malata atatu olowetsana pakati, chachikulu ngati ndowa, chokhala ndi ngodya mbali zonse.

Mlongo wanga atalandira zithunzizo sanachedwe, anati akufuna kachubu. Anati n'kopepuka, sikagwira mphepo, ndipo angathe kukamangirira pa nsungwi popanda anthu kumufunsa mafunso. Anawonjezanso kuti okwera boti amaopa chitsulo choonekera pamwamba, amati chimaitana mphenzi. Koma bambo wa m'sitima anapukusa mutu. Anati kachubu kotero amakadziwa, pagalasi kamaoneka n'kuzima, kuoneka n'kuzima, ndipo boti likapendekeka kamasoweratu. Chimene chimagwira ntchito n'kukula kwa malata ndi kulungama kwa ngodya zake. Ngati mukufuna aoneke, anatero, tengani chonyansacho.

Ndinalingalira masiku angapo. Ine ndimadziwa za nsalu, za panyanja ayi. Koma ndimadziwa kuti munthu akabwera kudzasoketsa diresi yothina chifukwa ikukongola, tsiku la ukwati amalephera kukhala pansi. Ndinasankha chachikulu. Sindinamufunsenso mwini boti, chifukwa ndinkadziwa kuti akana, ndipo ndinkaganiza kuti chinthu chikafika pamaso sangachibweze.

Sitinachite kuitanitsa kutali. Mwana wanga anatumiza aluminiyamu pa minibasi, ndipo tinapita naye kwa mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula pa msika wa Golomoti. Bambo wa m'sitima anakhala pa chitini tsiku lonse akuyang'anira, shuga ndi dzuwa zikumuvutitsa, akubweza ntchito ngodya ikapotoka ngakhale pang'ono. Mmisiriyo anafunsa ngati chinali chomwera nkhuku za azungu. Chitatha, bamboyo anandionetsa kapachikidwe kake. Chisalendewere ndi nsonga, anatero, chikhale ngati chikukinga madzi a mvula, kachipinda kamodzi kali chagada. Ndipo chikhale pamwamba, kupitirira mutu wa munthu woimirira, chifukwa chikatsika mafunde ndi matabwa a boti amachiphimba. Ndinabwereza mawu akewo mpaka kuwaloweza. Nsungwi ndinadulitsa kuphiri kwathu kuno, yokhwima, yowongoka.

Ndinanyamuka Lachisanu, chifukwa ndi tsiku limene ndinkadziwa kuti sapita kutsidya. Ndinakulunga chitsulocho m'chitenje, ndinakwera minibasi mpaka pa Golomoti, kenako kabaza, nsungwi itamangidwa m'mbali mwa njinga. Njira yonse ndinali wokondwa ngati mwana wopita ndi mphatso kwa aphunzitsi. Ndinafika pa doko masana, amuna akutuluka kumene mumzikiti, mikanjo ili mbee. Mlongo wanga anali pakati pawo pamodzi ndi apongozi ake aamuna. Anandilandira bwino, tinapatsana moni, ndipo ine chifukwa cha phuma sindinadikire kuti tikafike kunyumba. Ndinamasula chitenjecho pomwepo, pamchenga, pafupi ndi boti, n'kuchikweza m'mwamba kuti achione.

Dzuwa linachimenya, chinang'anima. Anthu anayandikira. Mnzake wina wa mlongo wanga, munthu wanthabwala amene ndinkamudziwa, anapendeketsa mutu n'kunena kuti, "Abale, bwerani mudzaone. Boti la mnzathu alibweretsera mtanda."

Sananene mwachipongwe, ndikhulupirira. Ena anaseka. Ine ndinachiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona chimene iwo ankaona. Malata awiri akapingasana amapanga chiyani? Ukachitembenuza uku, mtanda. Ukachitembenuza uko, mtanda. Ndinakhala nacho m'nyumba masiku angapo, ine wokulira pa mishoni, osaona. Ndinkangoona ngodya.

Nkhope ya mlongo wanga inagwa. Anayandikira n'kulankhula motsitsa kuti ena asamve. "Achemwali, mayi anachita kubisa m'jekete. Inu mwati mundiikire pamwamba penipeni, nyanja yonse ione?"

Ndikanayenera kuchikulunganso n'kunena kuti tikakambirane kunyumba. Koma ndinali nditatopa, nditapsa ndi dzuwa, ndipo kunamiziridwa kumandipweteka kuposa kumenyedwa. Mawu anatuluka mokweza. "Iwe, ichi n'chitsulo. Sitima sifunsa ngati ndiwe wa kumzikiti kapena wa kutchalitchi, imangokuponda."

Ndinamutcha iwe, bambo wa ana, mwini boti, pamaso pa apongozi ake ndi amuna onse a pa doko. Anatembenuka n'kumapita cha kunyumba, mkanjo ukukupiza. Apongozi ake, munthu wofatsa, anatenga chitsulocho m'manja mwanga, anachitembenuzatembenuza, anachigogoda ndi chala, nati iwo akuona malata basi. Koma woti amve mawuwo anali atapita. Ndinasiya nsungwi pamchenga pomwepo. Mlamu wanga anandithamangira kuti ndikadye kaye, ndinakana, ndinakwera kabaza yemwe uja ndikulira ndi mkwiyo.

Dzinja linabwera, tinalima, tinakolola. Sitinadane, ayi. Ndikadwala ankatumiza nsomba. Pa Idi ndinasokera ana ake zovala monga mwa masiku onse. Pa foni tinkafunsana za mvula, za mitengo ya feteleza, za chifuwa cha mwana, kenako wina n'kunena kuti mayunitsi akutha. Kamodzi kokha ndinafunsa ngati anapachika chitsulo chija. Anati, ndamva achemwali, n'kusintha nkhani. Anthu ochokera kunyanja ndikawafunsa ankati boti lake likuyenda lopanda kanthu pamwamba, timalifulekita ta njinga tija ndi timene tinatsala, tina titathothoka. Ndinkati mumtima chitsulo changa anachitaya, kapena nkhuku zikumweramodi.

Ndinkadziuza kuti ndipita ndikakhale naye pansi mphepo ya mwera ikatha. Mwera unatha, kunayamba kutentha, anthu anayamba kuotcha tchire kusaka mbewa, utsi unaphimba phiri moti m'mawa sitinkaliona tili pansi pake. Ndinkayang'ana utsiwo ndikuganiza za boti lake. Koma kunali mayunifolomu ambiri oti ndimalize, ndiponso, kunena zoona, ndinkafuna kuti ayambe ndi iye.

Foni inalira m'mawa ndikutsegula kumene makina. Anali apongozi aamuna a mlongo wanga aja. Anati boti lagundidwa dzulo lake m'mawa pakati pa nyanja, mnzake amene ankayenda naye wapulumuka, koma mlongo wanga akhala akumufuna tsiku lonse, ndipo amupeza kumene. Sanandiuze dzulo lakelo poganiza kuti mwina apezeka wamoyo. Sindikumbuka mmene ndinafikira pamsewu. Ndikumbuka kuti minibasi inaima nthawi yaitali pa siteji kudikira anthu, ine ndikupempha kondakitala kuti tizipita, iye akundiuza kuti mayi dekhani.

Anzathu achisilamu sagoneka maliro, ndipo thupi lokhalitsa m'madzi silidikira munthu. Pamene ndinkatsika pa kabaza, amuna anali akubwerera kuchokera kumanda. Sindinaone nkhope yake. Munthu amene ndinamusambitsa ali wakhanda, ndinamuphunzitsa kuyenda, ndinangoonetsedwa mbali imene kuli manda, chifukwa akazi safikako. Ndinakhala pansi pakati pa amayi n'kulira mpaka mawu anatha.

Wopulumukayo anatifotokozera mawa lake. Anati chifunga chinali ngati cha chaka chatha chomwe, ndipo sanamve kanthu mpaka thabwa linathyoka. Sitimayo inaima, anatsitsa kaboti n'kumuvuula iye, anazungulira nthawi yaitali kufuna mnzake. Woyendetsa sitimayo ankalumbira kuti pagalasi lake sipanaoneke kalikonse. Ine ndinamukhulupirira. Ndinali nditauzidwa kale kuti zimatero.

Nditabwerera kuno, bambo wa m'sitima anabwera kudzapepesa. Anakhala pa benchi. Ndinamufunsa funso limene linkandisowetsa tulo: kachubu kaja, kamene mwini wake ankafuna, kamene akanakapachika tsiku lomwelo popanda womuseka, kakanaoneka? Bamboyo sanali wabodza. Anati mwina, nyanja ikakhala bata ngati m'mawa umenewo kena kamaoneka sitima ikayandikira, mwinanso ayi. Ndikanakonda akanati ayi. Ndinasankha chabwino, aliyense wodziwa angavomereze, ndipo chabwinocho ndi chimene mlongo wanga sakanatha kuchikweza pa boti lake. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi mutu umaima.

Ndinapitanso kunyanja pa sadaka yake, mwambo umene amachita pokumbukira womwalira masiku a maliro akatha. Ndinafika kutatsala tsiku kuti ndithandize ntchito. Masana ine ndi mlamu wanga tinakhala kuseri kwa nyumba tikupeta mpunga, awiri okha. Anali ataonda, maso atalowa. Tinali tisanakambepo za tsiku la pa doko lija, ndipo ine sindikanayamba. Anayamba ndi iye.

Anati madzulo a tsiku limenelo bambo ake anabwera nacho chitsulocho kunyumba, ndipo ngakhale a shehe atamva nkhaniyo anati palibe choletsa, n'chida ngati nangula. Koma mwamuna wake ankati akachikweza, doko lonse lizimutcha dzina mpaka kufa, ndipo ana ake azisekedwa ku madrasa. Anachiika pakona. Usiku sankagona bwino, ankangotembenuka. Ndiye m'mawa wina anachitenga.

"Musaganize kuti anakunyozani, alamu," anatero. "Sanachisiye ngakhale ulendo umodzi. Anachikulunga m'thumba n'kuchiika pansi pa thabwa limene ankakhalira pogwira injini. Akaiwala chakudya sankabwerera, koma tsiku lina ataiwala chimenecho anabwerera ali kale m'madzi. Ankati n'cha achemwali, chizindiyang'anira."

Manja anga anaima pa lichero. Pansi pa thabwa, m'kati mwa boti, kumunsi kwa madzi amene ankamenya m'mbali. Chaka chathunthu ankayenda nacho pamalo amodzi okhawo pamene sichikanamuthandiza. Ndinkayesa anandikwiyira, pamene iye ankanditenga ulendo uliwonse, mobisa, monga mmene akanathera. Chisoni chimene ndinamva pamenepo chinaposa cha tsiku la maliro.

Mlamu wanga anandiyang'ana. Ankandiuza zimenezi kuti anditonthoze, ndipo ndinaona kuti iyenso ankatonthozedwa nazo, kuti mwamuna wake anachita zonse zoyenera. Koma panali chimene chinkamuvuta. "Ndiye chimene sindimvetsa n'chakuti, poti anali nacho, sitimayo inalephera bwanji kuwaona? Kapena mmisiri uja analakwitsa?"

Ndinali ndi yankho lonse pakamwa, lolowezedwa bwino. Ndinamuuza kuti mmisiri sanalakwitse, koma chifunga cha tsiku limenelo chinali chachikulu kwambiri. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kupitiriza kupeta.